Komiti Yoyang'anira Asilikali Chafutambuyo

Ufumu wa Zilibwino ulibe nyanja. Izi ndi bwino kuzinena poyambirira, chifukwa alipo anthu amene anagonapo m'chitokosi pozinena pomalizira. Uli ndi mapiri, madambo, mtsinje umodzi umene umapuma m'chilimwe, ndiponso gulu la asilikali limene limadya kuposa sukulu ndi zipatala zonse mutaziphatikiza.

Chaka china msonkho wa mtendere utakwera mpaka kukhudza nkhuku ndi mazira ake, anthu anayamba kung'ung'udza. Abwenzi akunja, amene ankathirako dzanja pa chuma cha ufumuwo, nawo anati sathandizanso pokhapokha pakhale komiti yoyang'anira asilikali, yoona zimene akugula, zimene akudya ndi kumene akutumidwa. Mfumu Ndanena Wachiwiri sinatsutse. Inati maganizowo inali nawo kalekale, kungoti anthu anaitsogolera pakamwa. Komiti inakhazikitsidwa, ndipo poti inalibe nyumba, Jenerale Dyeratu, mkulu wa asilikali, mwa ufulu wake anaipatsa kachipinda m'Kampu ya Musafunse, pafupi ndi khitchini.

Tsiku lolumbiritsa a komiti, Mfumu inafunsa nduna zake funso. Munthu wochoka kwawo n'kukakhala pamudzi pa eni, kumakhala m'nyumba ya eni ndi kumamwa tiyi wa eni, timamutcha ndani? Nduna zinati ameneyo ndi mkamwini. Nanga eni mudziwo? Nduna zinati ndi apongozi.

"Mwanena nokha," inatero Mfumu. "Ine ndangomva."

Lamulo linatuluka dzuwa lisanapendeke. Komiti ndi mkamwini, asilikali ndi apongozi ake, ndipo mwambo wa makolo utsatidwe. Mkamwini sayang'ana apongozi kumaso. Sasuzumira m'nkhokwe yawo, satchula dzina lawo, ndipo akakumana nawo panjira amapatukira kutchire. Akakhala ndi mawu, amadzera kwa nkhoswe. Wophwanya mwambowu asudzulidwa, anyamule mphasa yake azipita. Abwenzi akunja atamva kuti komiti yamangidwa pa chikhalidwe cha eni dziko anakondwa kwambiri, mpaka anatumiza mipando.

Pa mpando wa tcheya panalibe mpikisano. Dziko lonse linkadziwa a Eliya Kamtedza, otsogolera kwaya ku tchalitchi cha mumzinda wa Pepani, kuti ndiwo munthu waulemu kuposa onse. Zaka zonse za ukwati wawo sanaonepo nkhope ya apongozi awo enieni. Ngakhale pa maliro a mayiwo, nthawi yoona nkhope itakwana, a Kamtedza anadutsa pabokosi maso ali kudenga. Sanali munthu wopusa, tisawaweruze msanga. Ankangokhulupirira kuti dziko limaima chifukwa cha ulemu, monga nyumba imaima chifukwa cha mzati. Anali ndi mwana mmodzi wamwamuna, Yosiya, amene anali msilikali, ndipo ankati udindo umenewu uwathandiza kukhala pafupi ndi mwanayo.

Kuyendera asilikali kunkachitika motere. A komiti ankavala majekete awo, n'kuima pachipata cha malo a perete atatembenuza misana. Ankalowa chafutambuyo atagwirana mapewa, Nduna Mwamvatu, imene inali nkhoswe, ikuwauza poponda. Jenerale ankaima kuseri kwa mtengo wa mango n'kumauza mtengowo zimene zagulidwa. Nduna inkamva kwa mtengo n'kuuza a komiti kuti kumbuyo kwawoko kuli mizinga yatsopano, nsapato zokwanira aliyense, ndi mahema osadontha. A komiti ankawomba m'manja mwaulemu n'kuthokoza apongozi. Kenako ankadya mpunga wa nkhuku n'kusaina kuti ayendera. Palibe anganene kuti ntchitoyo inali yopepuka, poti kuyenda chafutambuyo kumapweteka akatumba.

Ndi m'njira yomweyi mmene Jenerale anapemphera sitima yankhondo. A Kamtedza anafunsa kudzera kwa nkhoswe, mawu atawaviika m'mafuta, kuti kodi sitimayo idzayenda pati. Yankho linabwera lakuti apongozi akhumudwa pang'ono ndi funsolo, komabe akuti munthu wanzeru sagula khasu mvula itagwa kale. Sitima iyambe, nyanja idzapezeka. Komiti inavomera. Sitimayo inabwera zidutswazidutswa pa malole, ndipo a komiti anaimva ikulowa. Pambuyo pake Jenerale anapempha mankhwala a chizungulire, maambulera oteteza ku mafunde, ndi mchere wonse wa m'dziko kuti asilikali azolowere madzi a m'nyanja. Kuyambira pamenepo ndiwo za ku Zilibwino zinasiya kukoma, ndipo Mfumu inalengeza kuti mchere umayambitsa matenda.

Kenako kunamveka kuti ku Chilumba cha Sitigwirizana, kutsidya kwa nyanja, anthu akumenyana, ndipo Zilibwino atumiza gulu lokasungitsa mtendere. Tsiku lonyamuka kunali bandi ndi nthungululu. Asilikali anaguba mumzinda wonse, n'kukalowa pachipata cha kampu kuti akakwere sitima. Chipata chinatsekedwa. Yosiya anali m'gululo, atangokwatira kumene mtsikana wa kwa a Malikebu, dzina lake Esinala.

Mvula inagwa n'kuleka. Inagwanso n'kuleka. Yachitatu itayamba, a Malikebu, atsibweni ake a Esinala, anafika kwa a Kamtedza atavala chipewa chawo cha milandu. Atsibweni ake a Yosiya anali atamwalira kale, choncho nkhani inagwera bambo. A Malikebu anayankhula mofatsa. Anati Esinala walima yekha zaka zonsezi, denga lake likudontha, ndipo kalata ngakhale imodzi sanalandire. Anati mkamwini wosaoneka ali ngati nkhokwe yojambula pa khoma, kuiona kukongola koma osatapamo. Anatinso a Lufeyo, eni chigayo, akhala akufunsira, ndipo iwowo amaoneka tsiku lililonse, ena mpaka amatopa nawo. Choncho mwezi watsopano ukaoneka Yosiya asanabwere, amusudzula iye kulibe, mphasa yake adzaibweretsa okha.

Alendo atapita, Nagama, akazi awo a Kamtedza, anaima pakhomo manja ali m'chiuno.

"Bambo a Yosiya, inu ndinu oyang'anira asilikali a dziko lonse lino. Mmodzi yekhayo ndinabala ine wakukanikani?"

A Kamtedza anafotokoza za lamulo, za mwambo, ndi za nkhoswe. Nagama anati lamulo silinamuyamwitse mwanayo, ndipo ngati banja la Yosiya lithe iwo ali pa mpando wa mipando, aziphika okha ndiwo zawo zopanda mcherezo.

M'mawa mwake a Kamtedza anatuma nkhoswe kukafunsa apongozi kuti gulu la kutsidya libwera liti. Nduna Mwamvatu inabwerako ndi mawu akuti anyamata onse ali bwino, mtendere ukukula, ndipo ukangokhwima abwera. Za makalata, apongozi akuti amanyowa m'njira.

A Kamtedza anadzera ku msika wa Tsitsako kuti akapeze kamchere kopepesera kunyumba. Kumeneko mchere unkagulitsidwa pa kasupuni, pansi pa benchi, ndipo wogulitsa wake anali Namaseko, amene ankaupikula kukhomo lakumbuyo kwa akazi a Jenerale. Naye mwamuna wa Namaseko anali m'gulu la kutsidya. Anthu a mumsika ataona jekete ya a tcheya, anayamba kuyankhula okhaokha mokweza, monga amachitira anthu ofuna kuti wina amve. Wogulitsa makala anati akufuna kulembetsa mbuzi yake kukomiti, poti nayo ikaona galu imapereka msana. Wakabaza wina anati asamanyoze anthu ogwira ntchito ndi msana, iye naye amayang'anira makasitomala ake chimodzimodzi, kungoti wina akagwa iye amamva.

Namaseko sanaseke nawo. Anatapa mchere mosamala n'kunena kuti kutsidya kwa nyanja kuyenera kuti n'kofanana kwambiri ndi kwathu kuno. Kukagwa mvula yamphamvu kuno, akazi a Jenerale amadandaula kuti anyamata anyowa. Nthawi yokolola ikafika, m'kampu mumatuluka malole a fodya, akuti wa kutsidya, koma fungo lake ndi la dambo lathu lomweli.

"Komanso a Tcheya, mundithandize poti inu munapita kusukulu. Chaka chilichonse kampu ikugula makasu. Kodi mtenderewu amachita kukumba?"

A Kamtedza anati zimenezo ndi miseche, ndipo komiti sigwira ntchito ndi miseche.

"N'zoona," anatero Namaseko, akuwapatsa kapepala ka mchere. "Imagwira ndi mpunga. Tengani kanyanja kanu, moni kwa amayi."

A Kamtedza ananyamuka mtima uli wolemera. Za makasuzo ankazidziwa, poti anasaina okha atauzidwa kuti ndi zokumbira ngalande zobisalamo pa nkhondo. Usiku uliwonse ankatuluka kukayang'ana mwezi, ndipo mweziwo unkangocheperachepera ngati sopo wa m'nyumba ya anthu ambiri.

Tsiku loyendera linafika mvula itagwa ndi mphepo kwa masiku angapo. Kamlatho ka panjira ya ku malo a perete kanali katakokoloka, choncho Nduna Mwamvatu inati a komiti adzera njira ina yozungulira, ya m'mbali mwa mpanda wa bango wa mkati mwa kampu. Jenerale sanauzidwe za kusintha kwa njiraku. Nayo Nduna, poyang'ana matope kuti isadetse nsapato, sinaone msanga kuti mphepo yagwetsa mbali ina ya mpandawo.

A komiti anayenda chafutambuyo, atagwirana mapewa, matope ali phwatiphwati. Atafika pogumuka paja, a Kamtedza anamva makasu. Anali makasu ambiri, ogwa nthawi imodzi, ndipo pamwamba pake panali nyimbo ya anthu olima. Wotsogolera nyimboyo anali ndi mawu okoma, koma akafika pokwera ankatsalira pang'ono, ngati munthu wokwera chulu atasenza mtolo. A Kamtedza analimbana ndi vuto limenelo m'kwaya kuyambira mwiniwake ali wamng'ono, osalithetsa. M'dziko lonse la Zilibwino munali khosi limodzi lokha lotsalira motero.

Anaima. Amene anali atawagwira mapewa anaimanso, mzere wonse n'kugundana. Nduna Mwamvatu itakweza maso n'kuona mpanda uli pansi, inayamba kuyankhula mofulumira. Inati phokosolo ndi la wailesi yolumikizana ndi kutsidya, mphepo ikakhala bwino imamveka ngati pafupi, tiyeni tiziyenda mpunga ungazizire.

A Kamtedza anaganiza za mbiri yawo. Munthu akamanga ulemu zaka zonsezo samangougwetsa ngati mpanda wa bango. Anaganiza za Mfumu, za mpando, ndi za anthu a kutchalitchi amene ankalozera ana awo kuti mudzakhale ngati a Kamtedza. Nyimbo inafikanso pokwera paja, ndipo mawu aja anatsaliranso. Akuluakulu anati wakwata kwa mphezi saopa kung'anima. Khosi lawo, limene linali lisanatembenukirepo kwa apongozi, linalira ngati chitseko cha nyumba yosiyidwa. Anatembenuka thupi lonse.

Kutsogolo kwawo kunali munda wa fodya wofika kumene maso alekezera. Pakati pa mundawo panaima sitima yankhondo, yopendekeka pang'ono, dzimbiri lili psuu. Maungu anali atayanga mpaka pamwamba pake, chiluwe chili mbuu, ndipo pakamwa pa mzinga wake umodzi nkhuku inali itafungatira mazira. M'mizere munali gulu lonse la kutsidya, mapazi ali pansi, likupalira. Pamthunzi wa chigafa panakhala Jenerale Dyeratu atavala kabudula yekha, akudya mango, madzi ake akutsikira m'zigongono.

Mwambo wa chipongozi uli ndi mbali ziwiri, ndipo Jenerale anali atauphunzira bwino. Ataona maso a mkamwini, anaponya mango, n'kuphimba nkhope ndi chipewa, n'kudumphira m'fodya. Akuluakulu ena a asilikali anatsatira mtsogoleri wawo, aliyense mzere wake, moti posakhalitsa kunkangooneka masamba akugwedezeka kulowera kudambo. A komiti ena onse anatsinzina zolimba. Mmodzi anayamba kupemphera.

Yosiya anasiya nyimbo. Anabwera mpaka pamene panali mpanda, osaponda bango ngakhale limodzi, n'kuchita sawasha khasu lili paphewa.

"Bambo, mwawoloka bwanji?"

A Kamtedza anafunsa kuti wakhala kuti nthawi yonseyi. Yosiya anati pompano. Tsiku loyamba lomwe anauzidwa kuti mpandawu ndiwo gombe, nyanja yaitanitsidwa ili m'njira, ndipo podikira azilimbitsa thupi ndi khasu. Anauzidwanso kuti aliyense wodumpha mpanda alembedwa kuti wamira, ndipo mkazi wake akauzidwa kuti ndi wamasiye, amete, akwatiwe kwina. N'chifukwa chake palibe analimba mtima. Kenako anatsitsa mawu n'kufunsa ngati Esinala ali bwino. A Kamtedza anati ali bwino, koma mwezi watsala pang'ono kutha, ndipo a Lufeyo a chigayo agula malaya atsopano.

Sanathe kumutenga. Nduna Mwamvatu inali itaitana kale alonda a pachipata, amene anagwira a tcheya n'kuwatulutsa, iwo akuyenda choyang'ana kutsogolo kwa nthawi yoyamba m'kampumo.

Mlandu unazengedwa kubwalo la Mfumu, ndipo msika wa Tsitsako unatsekedwa wokha poti aliyense anafuna kukamva. Jenerale, monga apongozi odandaula, anakhala kuseri kwa katani. Nduna Mwamvatu inawerenga mlandu wakuti mkamwini wayang'ana apongozi dzuwa likuswa mtengo. A Kamtedza anagwada n'kuvomera. Mfumu inawafunsa chimene anaona, ndipo inawakumbutsa kuti munthu waulemu saona zambiri. Iwo anathokoza chifukwa cha malangizowo, kenako ananena zonse, pang'onopang'ono, monga ankaphunzitsira nyimbo yatsopano. Anayamba ndi fodya, n'kubwera ku sitima, maungu, nkhuku ya mumzinga, mapazi opanda nsapato. Atafika pa kabudula, katani inatsokomola.

Mfumu inagamula pomwepo kuti mawu a mkamwini onena za m'nkhokwe ya apongozi ndi miseche, choncho bwalo silinawamve, ndipo aliyense amene alipo sanawamve. Anthu anagwedeza mitu movomereza. Wakabaza uja anauza mnzake kuti chaka chino ugonthi wavuta, wagwira mzinda wonse tsiku limodzi.

Koma mlandu wa kuyang'ana umafuna woyang'anidwa. Mfumu inafunsa katani ngati Jenerale anaonedwa. Nduna inabweretsa yankho lakuti Jenerale sanaonedwe. Chibadwire palibe munthu anaonapo Jenerale akuthawa, ndipo kabudula alibe. Akuluakulu ena a asilikali nawo anati sanaonedwe. Mfumu inafunsa kuti nanga woonedwa ndani. Nduna inasanthula mapepala ake n'kunena kuti ndi msilikali Yosiya Kamtedza, amene anachita kuyankhulana naye wolakwayu.

"Yosiya Kamtedza ali kuti?" inafunsa Mfumu.

"Ali kutsidya kwa nyanja, Mwini dziko."

Nkhuku ina inadutsa pakati pa bwalo, osathamangitsidwa. Nduna ina yokalamba inanong'oneza kuti ngati woonedwa ali kutsidya ndiye kuti palibe anaonedwa, mlandu ungothetsedwa. Koma Mfumu Ndanena sinkakonda mlandu wopanda wolakwa, inkati umawononga tsiku. Nduna ina inati mwina alengeze kuti maso a tcheya amaona kuwoloka nyanja. Mfumu inakana, poti munthu wa maso otere angathenso kuona m'nyumba yachifumu. Inasisita ndevu zake nthawi yaitali, kenako inaimirira.

"Msilikali amene waonedwa m'dziko muno ndiye kuti wabwera. Anabwera liti, anakwera chiyani, chimenecho ndi chinsinsi cha nkhondo. Apatsidwe mendulo apite kwawo. Womuonayo asudzulidwe."

Nduna zinawomba m'manja kuyamikira nzeru za Mfumu. Kuwombako kusanathe, Namaseko anadzuka kumbuyo, nsalu ataimanga m'chiuno, n'kufunsa mwaulemu wonse kuti nanga wina akaona wake zikhala bwanji. Mfumu inati bwalo latsekedwa. Koma funso linali litamveka, ndipo ugonthi uja unatha nthawi yomweyo. Amayi a mumzinda wa Pepani sanadzere n'kunyumba komwe. Anathamanga kuzungulira kampu, n'kudzera kudambo mpaka pamene ankatha kuona pogumuka paja, aliyense akuloza ndi chala n'kumatchula dzina kuti wanga uyo ndamuona. Alonda sanadziwe chochita, poti chigamulo cha Mfumu anali atachimva okha. Mmene mpanda unkakonzedwa, amuna ambiri ndithu anali atabwerako kutsidya, ndipo mendulo zinatha moti ena anapatsidwa maambulera. Namaseko anapeza wake. Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti munthu wokhala panyanja zaka zonsezi akanabwerako ndi kamchere.

Amene analibe wowaona adakali kutsidya mpaka lero. Jenerale anapempha mpanda wa njerwa, wautali, woteteza ufumu ku mafunde, ndipo komiti, pansi pa tcheya watsopano wa khosi louma, inavomera.

A Kamtedza anasudzulidwa motsata mwambo. Poti m'kachipinda ka komiti analibemo mphasa, boma linachita kuwagulira yatsopano kuti akhale ndi chonyamula. Anatuluka pachipata ataisenza, Yosiya akuwatsatira, mendulo ili pachifuwa. Kutchalitchi ena anasiya kuwapatsa moni. Nagama anapha nkhuku n'kuthiramo mchere wonse umene unali m'nyumba.

Mwezi watsopano unaoneka madzulo omwewo, wowonda ngati chikhadabo. M'mawa mwake bambo ndi mwana anapita kwa a Malikebu. Anawayalira mphasa pansi pa mtengo wa mthethe. Esinala anakhala chapatali ndi amayi ena, akusenda nyemba, osakweza maso. Kutsidya kwa msewu chigayo cha a Lufeyo chinali chitazimitsidwa, eni ake ataima pakhomo ndi malaya atsopano aja.

A Malikebu anati akondwa kuona mkamwini wawo ali moyo. Koma anati pali kanthu kamodzi kofunika kuwongola. Pamudzi pano pamveka mphekesera zakuti Yosiya zaka zonsezi anali pamtunda woti munthu atanyamuka m'mawa amafika dzuwa lili paliwombo. Ngati zili choncho, ndiye kuti ndi mwamuna amene anasiya mkazi wake denga likudontha iye ali pafupi, ndipo mwambo wa pamudzi pano sufunsa za mipanda, umafunsa za mtunda. Wotereyo amasudzulidwa. Koma ngati anali kutsidya kwa nyanja pa ntchito ya Mfumu, palibe mlandu, ndipo a Lufeyo auzidwa kuti ayang'ane kwina. Ananena izi akuyang'ana chipewa chawo chimene anachiika pabondo.

"Inu a Kamtedza ndi amene munaona ndi maso, dziko lonse likudziwa. Simunanamepo. Tiuzeni, mwanayu anali kuti?"

Dzulo lomweli a Kamtedza anataya mpando chifukwa chonena zimene anaona, pamaso pa Mfumu, osasiyako ngakhale nkhuku. Lero zoona zomwezo zikanapereka mpongozi wawo kuchigayo. Anayang'ana Yosiya, amene ankapotokola zala zake zakuda ndi utomoni wa fodya. Anayang'ana Esinala, amene anali atasiya kusenda, nyemba imodzi ili m'manja. Anatsokomola, n'kukonza kolala.

"A Malikebu, ine ndine munthu wosudzulidwa, mawu anga bwalo linati ndi miseche. Mwanayu anali kumene Mfumu yanena kuti anali. Mendulo ndi imeneyo."

A Malikebu anatenga mendulo, anaitembenuza uku ndi uku, anaiyesa kulemera, n'kuibweza. Anati iwo ndi munthu wamba, sangatsutsane ndi Mfumu komanso chitsulo. Anavala chipewa chawo. Kutsidya kwa msewu chigayo chinalira, mokwiya ndithu. Amayi aja anayamba kusuntha ndi kunong'onezana, koma a Malikebu anakweza dzanja, akuti atsala ndi kafunso kamodzi kongofuna kudziwa, poti iwo chibadwire sanayendepo.

"Tatiuzani bambo Yosiya, inu mwaona maiko. Nyanjayo ndi yotani?"

Yosiya anali atalumbira kusunga chinsinsi cha nkhondo. Anaganiza kaye, maso ali pansi.

"Ndi yaikulu, atsibweni. Yachonde ndithu. Kungoti imafuna kupalira kawiri."

A Malikebu anagwedeza mutu mwaulemu, ngati munthu amene waphunzira chinthu chatsopano. Mayi wina anabisa nkhope m'nsalu, mapewa akugwedezeka. Esinala anadzuka, anakutumula makoko a nyemba pa chitenje chake, n'kulowa m'nyumba. Anthu anadikira, a Kamtedza mtima uli m'mwamba. Esinala anatuluka ndi madzi akumwa m'chikho, dzanja lina atanyamula khasu. Anagwada, anapereka madzi kwa mwamuna wake, khasu n'kuliika pambali pa mendulo.

"Imwani, mwachokera kutali," anatero. "Mukapuma mukaone nyanja yathu kuseriku. Chipitireni inu sinapaliridwe kachiwiri."